Mapazi Khumi

Amuna anga anamwalira ndi dzina loti Sefa, ndipo dzina limenelo ndinawapatsa ndine. Sindinalitchule ndi pakamwa ayi. Ndinawapatsa ndi miyendo yangayi, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Pamaliro pawo anaimirira a Kaputeni, amene ankasewera nawo mpira kalekale, ndodo m'manja, mano atatu m'kamwa. Anati Sefa wathu watisiya, ngakhale moyo wamudutsa m'manja. Anthu anaseka. Pamaliro. Ine ndili pansi apo maso atatupa, anthu akuseka munthu amene anakhala nane zaka makumi anayi osandikwezera dzanja ngakhale tsiku limodzi. Mwana wanga wamkazi anandikanikiza paphewa chifukwa amandidziwa. Akanapanda kutero, ndodo ija ikanathyokera pamsana pa mwini wake.

Patatha mwezi, madala omwewo a timu yakale ananditumizira uthenga woti akufuna kupachika chithunzi cha malemuwo m'chipinda cha timu, pakhoma pamene pali anzawo amene anatsogola, ndipo pansi pake alembapo dzina lomwelo. Ati ndibwere ndidzaone. Ndinayankha kuti ndibwera, ndipo andidikire.

Koma ndiyambire poyambira.

Bambo anga anali osamalira bwalo la mpira la fakitale ya sopo. Kutchetcha kapinga, kuthirira, kusoka maukonde, kulemba mizere ndi laimu. Anthu ankangowaitana kuti a Mizere. Nyumba yathu inali ya kampani, zipinda ziwiri, yotsamira kumpanda wa malata wa bwalolo. Inkayendera limodzi ndi ntchito. Ntchito ikatha, nyumbanso yatha, katundu panja.

Ndinakulira pamenepo koma mpira ndinali ndisanauonepo. Mayi ankati mwana wamkazi alibe chake pakati pa amuna otukwana. Ndiye ine mpira ndinkaudziwa ndi makutu, ndikutsuka mbale kuseri kwa mpanda. Phokoso likakwera n'kuduka ngati munthu watsamwa, ndiye kuti aphonya. Malata akanjenjemera mpaka makapu kugundana pashelefu, athu achinya. Kukangoti zii, ndiye kuti bambo abwera osalankhula ndipo tonse tiyende monyang'ama. Pampandapo panali kabowo ka msomali, koma ukasuzumira unkangoona akatumba a anthu oimirira ndi makoko a malalanje.

Bambo anali ndi chingwe chachitali cha mfundo choyezera mizere ikuluikulu. Koma kadontho komenyerapo penate ankakayeza ndi miyendo yawo, mapazi khumi ndi awiri kuchokera pamzere wa golo. Apa ndiye panali kunyada kwawo konse. Injiniya wa fakitale anabwerapo ndi tepi kuti awagwire bodza, n'kupeza kuti sanaphonye ngakhale chala chimodzi. Nkhani imeneyi tinaimva kunyumba kwathu mpaka makutu kuwawa. Mlendo aliyense, ngakhale wodzagulitsa makala, sankachoka asanaimve.

Chaka chimenecho timu yathu inafika m'ndime yomaliza ya chikho, kuti ikumane ndi anyamata a kunjanji, ndipo anati masewerowo achitikire pabwalo lathu chifukwa ndilo linali labwino. A Tcheya a timu analamula kuti kutsogolo kwa magolo onse awiri kukumbidwe n'kudzalapo kapinga watsopano, poti panali patayera ngati dazi lawo lomwe. Kapingayo anamera bwino. Koma madontho akale, amene ankaoneka ngakhale mvula itakokolola laimu, anapita ndi khasu.

A Tcheyawa anali ndi mlamu wawo wosagwira ntchito amene ankaisirira nyumba yathu. Aliyense ankadziwa. Akakumana ndi bambo ankawafunsa mokoma ngati msana ukadali bwino, ngati maso akuonabe, ati paja ntchito ya bwalo imafuna magazi achinyamata. Bambo ankavula chipewa n'kunena kuti zonse zili bwino, bwana.

Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi, chitsulo chogudubuza chosalazira bwalo chinawaponda phazi lamanja. Anabwera kunyumba n'kukhala pampando. Jombo inakana kuvuka mpaka mayi anachita kuidula kumbali. Phazi linali litafufuma ngati buledi, zala zitada. Mayi anati tiyeni kuchipatala cha kampani. Bambo anati kumeneko amalemba m'buku, ndipo inki isanaume a Tcheya akhala atamva. Ngati zimenezo sizinakwane, madzulo ake kunagwa mvula yamphamvu, mizere yonse imene analemba n'kufufutika.

Ine ndinali woyamba kubadwa, onditsatira anali makanda. Bambo ankanditcha Kapitawo, ati chifukwa ndinkalamula aliyense pakhomo, nkhuku zomwe. M'mawa wa Loweruka, dzuwa lisanatuluke bwino, anandigwedeza n'kunena kuti a Kapitawo adzuke, lero kuli ntchito ya boma.

Tinalowera pakachitseko ka kumbuyo. Ine ndinangoima. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti bwalo ndi lalikulu ngati la kusukulu kwathu, koma ili linali dziko. Kapinga wonyowa, wodulidwa mofanana ngati tsitsi la msilikali, fungo lake losakanikirana ndi la sopo wochokera kufakitale. Mabenchi opanda munthu kuzungulira. Ndinavula nsapato ndekha osauzidwa. Bambo anandiona n'kuseka, ati muno si m'tchalitchi, koma wachita bwino.

Tinagwira ntchito. Ine ndinkathamanga ndi chingwe n'kukhoma chikhomo pamene andiuza. Iwo ankakankha kangolo ka laimu ka gudumu limodzi, atakatsamira ngati ndodo, phazi lopwetekalo atalikulunga nsanza n'kulilowetsa mu jombo yodulidwa ija. Mzere unkatuluka wowongoka ngati palibe chimene chikuwapweteka. Nkhope yokha ndiyo inkanena zoona. Titamaliza mizere, anayeza kadontho ka kugolo la kufakitale, akukukuta mano phazi lililonse. Kenaka tinayenda bwalo lonse kupita kugolo la kumsewu, ndipo titafika anangokhala pansi n'kutsamira mtengo wa golo, thukuta lili kamukamu.

"Kapitawo, ima pakati pa golo, zidendene pamzere," anatero. "Uyende molunjika, mapazi khumi ndi awiri. Utambasule miyendo ngati mmene ndimachitira ine."

Ndinatambasula mpaka diresi kulira m'misoko. Ndinawerenga mokweza ngati kusukulu. Pa khumi ndi awiri ndinaima, n'kuthira laimu kuchokera m'chitini chobooka pansi. Ndinakakonza kadonthoko ndi chala kuti kakhale kozungulira bwino, ndipo mpaka lero ndimati sindinaonenso kadontho kokongola ngati kameneko. Bambo anali atawerama, akumasula nsanza kuphazi kuti magazi ayende. Anafunsa osadzutsa mutu ngati ndawerenga bwino. Ndinati khumi ndi awiri, osachotsera osawonjezera. Anati ndiye basi, tiye.

Kuwerenga ndinawerenga bwino. Miyendo ndiyo inali ya mwana.

Kunyumba bambo anauza mayi kuti masana ndipita nawo kumpira, poti akufuna munthu wowanyamulira ndowa. Mayi anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ana phazi lija, osatsutsa. Anandisambitsa ngati ndikupita kokajambulitsa, n'kundiveka diresi la Lamulungu. Laimu wa m'zikhadabo ndi m'mikono anakana kuchoka. Pondiperekeza pakhomo anati ndikangobwera ndi liwu limodzi lotukwana anditsuka m'kamwa ndi sopo, ndipo ndikumbukire kuti sopo m'nyumba muno sasowa.

Zimene ndinaona masana amenewo sindidzaiwala ngakhale atandidula mutu. Anthu anadzaza mabenchi, ena pampanda, ena m'mitengo ya kumsewu ngati mileme. Ogulitsa malalanje ndi mtedza akupondana. Anyamata a kunjanji anabwera pa lole ndi anthu awo, akuimba ndi kumenya zitini. Pakati pa mabenchi a akuluakulu panali tebulo loyala nsalu yoyera, chikho chili pamenepo. Ndinakhumudwa nacho pang'ono. Chinthu chimene amuna a tauni yonse sankagona nacho tulo chinali ngati ketulo yathu, kungoti cha makutu awiri.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri chinali kuona nkhope za mawu amene ndinkawadziwa. Panali liwu lina lalikulu limene Loweruka lililonse linkatukwana woimbira mpira, mayi ake ndi agogo ake omwe. Ine ndinkaganiza kuti ndi chimphona chonyamula matumba. Nditatembenuka ndinapeza kuti ndi atelala a mumsewu wathu, kamunthu kakafupi, kaulemu, kamene kankapatsa moni mayi katagwira chipewa pamtima. Atandiona anatseka pakamwa mphindi imodzi yokha, kenaka anapitiriza.

Woimbira anafika mochedwa, njinga yake itaphulika tayala panjira. Anangokoka maukonde, kuyang'ana mbendera za m'makona, n'kuimba wezulo. Ine ndi bambo tinakhala pakona ya golo la kumsewu, iwo pandowa yovundikira, ine pansi nditatsamira bondo lawo labwino.

Goloboyi wathu anali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wamtali, woonda ngati mpini wa tsache, wophunzira ukalipentala kumene ankakhoma mabokosi a sopo. Anavala juzi yakuda yosokedwa m'zigongono ndi kachipewa kophwanyika mlomo. Podutsa pafupi nafe anapatsa bambo moni, n'kunena kuti kapinga wa lero ndi matiresi, munthu ungagwe dala. Bambo anasangalala mpaka kuiwala phazi.

Chigawo choyamba athu anachinya kugolo la kumsewu, pamaso pathu penipeni. Ndiye ndinamva kuchokera mkati chimene ndinkachimvera kuseri kwa mpanda. Nthaka inagwedezeka. Mayi wina wonenepa wogulitsa malalanje, amene sindinkamudziwa n'komwe, anandinyamula n'kundizungulitsa, malalanje ake akugubuduka. Bambo analumpha ndi phazi limodzi. Ndinakuwa mpaka mawu kutha, osadziwa kuti wachinya ndani. Tisanapume a kunjanji anabweza, ndipo tinapita kopuma zigoli zili chimodzi kwa chimodzi.

Osewera atatuluka, bwalo linatsala loyera, mizere yathu ikuwala padzuwa. Bambo ankandisisita m'mutu, akuyang'ana ntchito yawo. Kenaka dzanja linaima. Ndinawaona akuyang'ana kadontho ka kumsewu, n'kuponya maso kugolo la kufakitale, n'kubwereranso.

"Kapitawo, unatambasula miyendo?" anafunsa chapansipansi.

"Ndinatambasula."

"Chabwino, mwanangu."

Koma nanenso ndinayang'ana, ndipo ndinaona. Kadontho kanga kokongola kanali katasendera kugolo ngati mwana wokakamira siketi ya mayi ake. Munthu wongoonera sakanazindikira. Koma mwana wa a Mizere, atauzidwa poyang'ana, anaona. Bambo sakanatha kulowa ndi chitini pamaso pa anthu onsewo, akutsimphina, a Tcheya ali pafupi ndi chikho ndipo mlamu wawo ali kumbuyo kwawo. Kukonza kukanakhala kuulula zonse ziwiri, kadontho ndi phazi. Tinangokhala, aliyense akupemphera payekha kuti kugolo limeneli kusagwe penate.

Chigawo chachiwiri matimu anasinthana mbali, goloboyi wathu n'kubwera kugolo la kumsewu. Mnyamata uja anagwira mipira tsiku limenelo. Izi ndikunena chifukwa palibe amazikumbukira. Wina anaugwira m'mwamba atadumpha pamwamba pa mitu ya anthu. Wina anaukankha ndi nsonga za zala n'kugunda mtengo ndi phewa. Wina anaulanda pamapazi pa munthu, nsapato n'kumung'amba pachipumi, iye n'kungopukuta ndi juzi. Ndinawerenga isanu ndi iwiri imene ikanalowa. Atelala aja ankakuwa kuti mwana ameneyu amupatse nyumba ya kampani ndi mkazi yemwe.

A kunjanji anali ndi womenya kutsogolo wotchedwa Nyundo, wamfupi, ntchafu ngati mitsuko. Kutatsala mphindi zochepa, Nyundo analowa ndi mpira m'bokosi, koma akulowera kumbali kumene sakanachinya ngakhale atamusiya yekha. Ndiye kunabwera a Kaputeni, omwewa a mano atatu, nthawi imeneyo ali nawo onse, n'kumusesa miyendo kuchokera kumbuyo popanda chifukwa. Wezulo. Woimbira analoza kadontho kanga.

Dzanja la bambo linandifinya paphewa mpaka kupweteka.

Nyundo anaika mpira. Goloboyi anachoka pamzere n'kuyenda pang'onopang'ono kupita pamene panali mpirawo. Anthu ankati akukamuopseza womenyayo, n'kumamuchemerera. Ine ndinali pafupi, ndinaona milomo yake ikugwedera. Atafika anaima, n'kuyang'ana pansi. Anatembenuka n'kuyang'ana pakona pathu, bambo ali pandowa ndi jombo yodula, ine mikono ili mbuu. Anayang'ananso woimbira. Ndinadziwa kuti basi, mawa mipando yathu ili pamsewu. Koma iye anangokonza kachipewa kake n'kubwerera pagolo.

Nyundo sanasankhe mbali. Anangomenya pakati ndi mphamvu zake zonse. Mnyamata uja anali pomwepo, manja anakweza, koma mpira unafika manja asanatsekane. Unadutsa pakati pawo n'kukagwedeza ukonde umene bambo anasoka.

Kunali zii uja ndinkamudziwa. Kenaka liwu limodzi, la atelala omwe aja amene amafuna kumupatsa mkazi, linang'amba bwalo lonse.

"Sefa!"

Anthu anaseka mowawidwa mtima, n'kulilandira dzinalo. Linayenda benchi ndi benchi mpaka m'mitengo. A kunjanji ananyamula ketulo ija n'kukwera nayo lole. Mnyamata uja anatola kachipewa kake n'kutuluka yekha, osathamanga, anthu akumuponyera makoko.

Ife tinadikira mpaka bwalo litatsala ndi mapepala okhaokha. Bambo anatunga madzi m'ndowa, n'kukathira pa kadonthoko, n'kukapukuta ndi phazi lawo labwino mpaka kutheratu. Ine ndinkalira. Anandipukuta mamina ndi malaya awo n'kunena kuti wolakwa ndi amene anatuma, osati wotumidwa, ndipo nkhaniyi yathera pano, ngakhale mayi ako asaimve. Pobwerera anandigulira lalanje kwa mayi wonenepa uja. Phazi linapola lokha, lopindika pang'ono. Ntchito anaigwira zaka zina khumi ndi zinayi mpaka kupuma mwaulemu, ndipo tonse tinakulira m'nyumba ija.

Goloboyi uja anasewera chaka chimodzi chokha n'kusiya. Ana ankamutsatira mumsewu akuimba dzina lija. Amayi kumsika ankamufunsa ngati angamubwereke akasefere ufa.

Patapita zaka khumi ndi ziwiri, ine ndikugwira ntchito yokulunga sopo, kunyumba kwathu kunabwera kalipentala kudzakonza chitseko chimene chinkakhula pansi. Anali atanenepako, koma ndinamuzindikira. Anachotsa chitseko, kuchipala, kuchibwezera, n'kunena kuti a Kapitawo ayese ngati ntchito yakhoza. Sindinafunse kuti dzina limenelo analimva kuti. Sabata yotsatira anabweranso, ati waiwala pensulo. Kenaka anaiwala sikweya. Mayi anati munthu ameneyu akapitiriza chonchi aiwala bokosi lonse la zida, bola angonena chimene akufuna.

Ena ankati ndinakwatiwa nawo chifukwa cha chisoni. Zopusa. Ndinakwatiwa nawo chifukwa anali munthu, ndipo manja amene tauni yonse inkawaseka ndi amene anapanga mpando uliwonse, bedi lililonse ndi chitseko chilichonse m'nyumba mwanga, ndipo palibe chimene chagwedera mpaka lero.

Koma za kadontho kaja sindinawauze. Poyamba ndinkati bambo akadali moyo, ndisawachititse manyazi kwa mkamwini. Bambo atamwalira ndinkati ndidikire ana akule. Kenaka zinangofika poti munthu ungayambire pati, patatha zaka makumi atatu, uku ukuwapatsira madzi osamba. M'malo mwake ndinkamenya nkhondo. Wina akangoti Sefa pamsika, ndinkatula dengu pansi. Ndinayambana ndi ogulitsa nyama, ndi mkazi wa abusa, ndi kondakitala wa basi amene ndinamutsitsa m'basi yake yomwe. Eni ake dzinalo ankangovula chipewa n'kuyankha kuti wawa, ndilipo. Zimenezi zinkandipsetsa mtima kuposa otukwanawo. Ndikawakalipira kunyumba ankati a Kapitawo, dzina silithyola fupa, bwerani mudzagwire thabwa ili.

Chaka chino anadwala chifuwa, n'kugonekedwa m'chipatala. Tsiku lina masana, nthawi yoona odwala, ndikuwasendera lalanje, ndinaona manja aja ali pabulangete, ataonda, mitsempha ili poyera. Ndinaona kuti ndikapanda kunena lero ndidzanena kumanda. Ndinaika mpeni pansi n'kuwauza zonse, phazi la bambo, mvula, chitini, diresi lolira m'misoko. Ndinalankhula ndikuyang'ana khoma.

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, namwino n'kusuzumira.

"Khumi," anatero atapeza mpweya. "Ndinawerenga. Anali mapazi khumi."

Ndinawafunsa kuti akuti chiyani.

"Mumayesa ndinkapita kukamupatsa moni Nyundo? Goloboyi amadziwa pakhomo pake. Ndinangoona kuti mpira uli pafupi ngati mbale ya chakudya. Nditayang'ana pakona ndinaona madala ali ndi jombo yodula, pambali pawo kamtsikana koyera mikono, maso ali tong'o. Nanga pamenepo pofunika sukulu?"

"Ndiye osamuuza woimbira bwanji?"

"Madala aja ankatitsegulira bwalo m'mamawa kuti tiyeserere, a Tcheya asakudziwa. Ndikanawatulutsa m'nyumba chifukwa cha mapazi awiri?" Anapuma pang'ono. "Komanso musandiyese mngelo, mayi. Ndinkaganiza kuti ndiugwira. Ndinati ndiugwire pa khumi pomwepo, ndizidzanyada ndekha mumtima. Kudzikonda."

Ndinaimirira. Ndinawauza kuti ndi munthu woipa, wouma mtima, kuti andisiya zaka makumi anayi ndikusenza mwala pamutu iwo akudziwa, ndikuyambana ndi tauni yonse, mkazi wa abusa mpaka lero sandipatsa moni. Odwala a mabedi oyandikana anasiya kubuula n'kumamvetsera. Iwo anati ankadikira kuti ndinene ndekha, poti kapitawo sauzidwa zochita. Anatinso ndikanadziwa kuti akudziwa ndikanasiya kuwamenyera nkhondo, ndipo palibe chinkawakomera ngati kuona kondakitala akutsika m'basi yake. Kenaka anati lalanje lija ndimalize kusenda, ndipo za kadonthozo ndisauze anthu, angaseke a Mizere. Ndinati sindikulonjeza kanthu. Anati ankadziwa kuti nditero.

Anamwalira patatha masiku anayi, ndisanamalize kuwakalipira.

Ndiye tsiku la chithunzi ndinapita. Chipinda cha timu chikadali pomwe chinali, pansi pa mabenchi a akuluakulu, chonunkha nsapato ndi mafuta opaka miyendo. Munali madala asanu ndi anyamata a komiti yatsopano. Chithunzi chinali patebulo, mnyamata woonda wa kachipewa kophwanyika, ndipo wolemba zikwangwani anali atakonzeka ndi burashi yake. A Kaputeni anayamba kulankhula za mpira wa kale. Ndinawadula. Ndinati aliyense atuluke anditsate, ndipo amene miyendo ikumuvuta anyamulidwe.

Ndinawatengera kugolo la kumsewu. Ndinavula nsapato, n'kuima pakati, zidendene pamzere. Ndinatambasula miyendo mmene ndingathere, ndikuwerenga mokweza. Miyendo ya nkhalamba ndi ya mwana ndi imodzimodzi. Pa khumi ndi awiri ndinaima, ndipo kadontho ka masiku ano, koyezedwa ndi tepi, kanali kutsogolo kwanga, mapazi awiri a mwamuna.

"Apa," ndinatero. "Nyundo anamenyera apa. Kadontho ndinathira ndine, bambo anga atathyoka phazi. Munthu amene mwamuseka zaka makumi asanu anawerenga, anadziwa, n'kutseka pakamwa kuti ife tisagone panja. Amene akufuna kuseka aseke tsopano, ndili pano."

Palibe anaseka. Goloboyi wa timu ya lero, amene anabwera kudzangoonerera, anapita pamzere n'kuyang'ana pamene ndinaima, n'kupukusa mutu. A Kaputeni anayang'ana pansi. Kenaka anati ndiye kuti chikho chija anatibera. Ndinawauza kuti palibe anaba, chikho anachitaya ndi munthu amene anasesa mnzake miyendo m'bokosi popanda chifukwa, ndipo ngati aiwala dzina lake ndingathe kuwakumbutsa. Madala enawo anayamba kutsokomola. A Kaputeni anavula chipewa n'kunena kuti mlamu, mwalasa. Maso awo anali atanyowa, koma mwina ndi ukalamba.

Titabwerera m'chipinda, mkulu wa komiti anati dzina lachipongwelo lisalembedwe, alembe dzina lawo lenileni la m'chitupa. Ndi chimene ndinadzera. Koma nditayang'ana pakhoma paja, ndinaona mayina enieni ambirimbiri a anthu amene palibe akuwakumbukira. Dzina la m'chitupa ankalidziwa ndi ine ndi a kuchipatala basi. Linalo analivulira chipewa zaka makumi asanu, analigula ndi manja awo, ndipo sanandipemphe kuti ndiwalande.

Ndinauza wolemba uja kuti alembe Sefa. Pansi pake alembe mawu awiri, mapazi khumi. Anafunsa kuti zimenezo zikutanthauza chiyani, anthu sadzamva. Ndinati n'chimene ndikufuna. Wosamva adzafunsa, ndipo wofunsidwa adzayankhe nkhani yonse, mipira isanu ndi iwiri ija ndi wosesa miyendo yemwe. Bambo anga andikhululukire kumene aliko. Nyumba ija anaigwetsa kalekale, pali poimika magalimoto, palibenso wotitulutsa.

Chithunzicho chili pakhoma, pafupi ndi zenera. Msomali woyamba anakhoma mopindika, ndinawazulitsa, poti mkazi wa kalipentala sangalole zimenezo. Loweruka timu ikamasewera pakhomo ndimapita, ndimakhala pakona ya golo la kumsewu ndi lalanje langa. Mpira usanayambe ndimayang'ana madontho onse awiri. Pakhomo la chipinda chija ndimadutsanso, kuti ndimve ngati nkhaniyo akuifotokoza bwino. Akalumpha pena ndimalowa.

Eni ake dzinalo ndikadawakwiyirabe. Chisa cha mawu amene ndinawasungira sichinathe, ndipo adzawamva onse ndikadzawapeza.